Magomero, mudzi wa alimi umene mbiri yake idakagona m'mabokosi ku Zomba

Pamwamba pa phiri la Zomba pali malo awiri amene mlendo sabwerera asadapondepo. Ena ndi Queen's View, pamene adaima mayi a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndipo ena ndi Emperor's View, pamene adaima Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Anyamata operekeza alendo amazidziwa pamtima nkhani ziwirizi. Koma chimene anthu otchukawo adakwerera phiri chili pansi: chigwa chotambalala mpaka ku nyanja ya Chilwa, phiri la Mulanje kutsidya, la Chiradzulu cha kummwera, ndi midzi yosawerengeka pakati pake, malata akunyezimira m'minda ya chimanga ndi nandolo. Mayina a amene adabwera kudzaona tidawasunga bwino. Mbiri ya midzi imene ankaionayo ndi ochepa angakuuzeni.

Umodzi mwa midziyo ndi Magomero, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi, kumalire a maboma a Zomba ndi Chiradzulu. Mwana wasukulu aliyense adalimvapo dzinali, kawirikawiri pa nkhani ziwiri: kubwera kwa amishoni oyamba mu 1861, ndi usiku umene anthu a John Chilembwe adapha azungu mu 1915. Amishoniwo sadathe chaka pamalopo, ndipo kuukirako kudali kwa masiku owerengeka. Zaka zina zonse zotsalazo, zoposa 160, ndi za anthu olima. Ine ndikuti chuma chenicheni cha mbiri ya Magomero ndi iwowa, ndipo ndi amene tikuwataya.

Kuti mudzi wa alimi ungakhale ndi mbiri yoyenera buku lathunthu, dziko lidaphunzira kwambiri kuchokera ku France. M'mapiri a Pyrenees, m'chigawo cha Ariège, muli kamudzi kotchedwa Montaillou. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300 kadali ndi anthu pafupifupi 250, alimi ndi abusa a nkhosa, osadziwa kulemba. Ambiri a iwo ankatsata chiphunzitso cha Akathari, chimene Mpingo wa Katolika udachiletsa. Episkopi wa ku Pamiers, Jacques Fournier, amene pambuyo pake adadzakhala Papa Benedict XII, adawaitanitsa mmodzimmodzi kubwalo lake pakati pa 1318 ndi 1325. Ankafunsa mwachifatse, alembi akulemba zonse. Kaundula wa milanduyo adasungidwa ku Vatican. Mu 1975 katswiri wa mbiri yakale, Emmanuel Le Roy Ladurie, adatulutsa buku lotchedwa Montaillou, atawerenga kaundulayo ndi diso lina. Iye sadafune kudziwa kuti wolakwa ndani. Adafuna kudziwa zimene anthu ankadya, amene ankakwatirana, njira zimene mbusa Pierre Maury ankadzera ndi nkhosa zake, ndi mmene wansembe wa m'mudzimo, Pierre Clergue, ankagwiritsira ntchito mphamvu zake. Bukulo lidagulidwa kwambiri, lidamasuliridwa m'zinenero zambiri, ndipo lero anthu amayenda ulendo kukaona kamudzi ka anthu makumi owerengeka ndi mabwinja a linga lake.

Patapita zaka 12, mu 1987, ku Cambridge kudatuluka buku lotchedwa Magomero: Portrait of an African Village. Adalemba ndi Landeg White, mphunzitsi wa ku Wales amene adaphunzitsapo pa Yunivesite ya Malawi mpaka boma la Kamuzu Banda lidamuthamangitsa mu 1972. Bukuli limatsata mudziwo kuyambira 1859 mpaka 1985. Midzi iwiriyi ikufanana pa chinthu chimodzi chowawa: mawu a anthu ake adapulumuka chifukwa adalembedwa ndi amene ankawalamulira kapena kuwaweruza. Ku Montaillou adali episkopi. Ku Magomero adali amishoni, eni esiteti ndi boma la atsamunda limene likulu lake lidali ku Zomba.

Tiyambire pamene zolemba zikuyambira. David Livingstone atafika ku nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859, adadutsa m'dziko la Amang'anja lodzaza ndi midzi. Anthu ankalima mapira, mawere, chimanga, nyemba ndi maungu. Ankalimanso thonje, kulipota okha ndi kuluka nsalu zawo. M'midzi yambiri mudali ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndipo makasu, nkhwangwa ndi mikondo ankasula okha. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwira, chifukwa amene adadzatenga malowa patapita zaka 30 ankanena ngati adapeza thengo lopanda mwini.

Livingstone ndiye adakopa ophunzira a ku Cambridge ndi Oxford kuti atumize amishoni, ndipo bungwe la UMCA lidabadwa. Mtsogoleri wake, Charles Frederick Mackenzie, adadzozedwa ubishopu ku Cape Town pa 1 Januwale 1861. Mu Julayi chaka chomwecho gululo lidakwera kuchokera kwa Chibisa, m'mbali mwa Shire, kulowera kumtunda. Pa 16 Julayi, pamudzi wa Mbame, Livingstone ndi anthu ake adakumana ndi mdipiti wa akapolo omangidwa m'magoli, nawamasula anthu 84. Masiku otsatira adamasulanso ena. Mwadzidzidzi amishoni adapezeka ndi khamu la amayi ndi ana opanda kwawo, lofunika kudya ndi pogona. Mfumu Chigunda idawalandira pamudzi pake pa Magomero, pamalo pamene mtsinje umakhota n'kuzinga mtunda mbali zitatu. Mbali yotsalayo adatchingako ndi mpanda wa mitengo.

Chigunda sadawalandire chifukwa cha uthenga wokha. Nthawi imeneyo Ayao ankatsika kuchokera kumpoto ndi kummawa, nawonso atakankhidwa ndi nkhondo ndi njala kwawo, ndipo midzi ya Amang'anja inkapsa. Mfumu idaona alendo okhala ndi mfuti, idaona chitetezo. Amishoni adalowa m'nkhondo imene sadaimvetse. Mu Ogasiti ndi Okutobala 1861 adatsogolera Amang'anja kukatentha misasa ya Ayao, poganiza kuti akuthetsa ukapolo, koma adadzazindikira mochedwa kuti ogulitsa anthu adaliko mbali zonse ziwiri, ndi kuti ambiri mwa Ayao amene ankawathamangitsawo adali mabanja osaka pokhala.

Malo amene adawasankha chifukwa cha chitetezo adasanduka msampha. Anthu ochuluka adathithikana pakamtunda kakang'ono, madzi akumwa adaipa, chakudya chidachepa, ndipo kamwazi adayamba kutenga ana. Bishopu Mackenzie adatsikira ku Shire kukachingamira mlongo wake, bwato lidagubuduzika, mankhwala a malungo adamira, ndipo adamwalira pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Mnzake wa paulendowo, Henry Burrup, adanyamulidwa kubwerera ku Magomero, komwe adamwalira pa 22 Febuluwale. Manda ake alipo mpaka lero. Mu Epulo otsalawo adasamukira kwa Chibisa, ndipo chilala cha 1862 ndi 1863 chidamaliza zimene nkhondo idayamba. Midzi yambiri ya m'chigwachi idasanduka mabwinja.

Mwa ana amene adamasulidwa masiku amenewo, angapo tikuwadziwa mayina. Chuma, mnyamata wachiyao, ndi yemwe uja adadzanyamula mtembo wa Livingstone pamodzi ndi Susi kuchokera kwa Chitambo mpaka kugombe la nyanja ya mchere. Kamtsikana kotchedwa Daoma kadatengedwa kupita ku Cape Town, komwe kadakula n'kukhala mphunzitsi. Awa tikuwadziwa chifukwa adatsagana ndi azungu olemba mabuku. Za amene adatsala, ndi za anthu a Chigunda amene adapereka malo ndi chakudya chawo, zolemba zimangoti zii kuyambira tsiku limene amishoni adanyamuka.

Zolembazo zidadzayambanso kulankhula malowo atapeza "mwini" wa papepala. Mu 1891 Britain idalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake, ndipo Harry Johnston adakhazikitsa likulu ku Zomba, m'nyumba imene John Buchanan adamanga m'munsi mwa phiri, pafupi ndi Mulunguzi. Kuchokera m'maofesi a ku Zomba kudatuluka zikalata zotsimikiza kuti azungu amene ankati adagula malo kwa mafumu ndi eni ake enieni. Mmodzi wa opindula adali Alexander Low Bruce wa ku Edinburgh, mkamwini wa Livingstone, mwamuna wa mwana wake Agnes. Esiteti yake ya Magomero idali ya maekala pafupifupi 162,000. Yerekezani ndi lero, pamene mabanja ambiri a m'dera lomwelo sakwanitsa ngakhale hekitala imodzi. Bruce adamwalira mu 1893, malowo adatsala m'manja mwa banja lake, ndipo chaka chomwecho William Jervis Livingstone adasankhidwa kudzayang'anira.

Adayamba ndi khofi, khofi adakanika. Adatembenukira ku thonje, ndipo thonje limafuna manja ambiri pa nthawi yomweyo imene munthu amafunika kumunda kwake, nyengo ya dzinja. Manja amenewo adachokera kutsidya kwa Chilwa ndi Mulanje. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alhomwe ankawoloka kuchokera ku Mozambique m'magulumagulu, kuthawa njala, nkhondo za Apwitikizi ndi ntchito yokakamiza. Apa pali mfundo ya malamulo imene idasintha miyoyo ya mibadwo itatu. Zikalata za Johnston zidali ndi ndime yoteteza midzi imene idalipo kale pamene malowo ankagulidwa: anthu ake asasamutsidwe, asalipitsidwe. Obwera pambuyo ndimeyo siinkawakhudza. Mlhomwe wofika ndi mtolo pamutu adalibe poimira. Akafuna pomanga nyumba ndi polima, ankayenera kulipira ndi thukuta lake, ndipo akakana ankauzidwa kubwerera komwe adathawako. N'chifukwa chake eni esiteti ankawalandira ndi manja awiri, n'kumawaikira mafumu a midzi osankhidwa ndi esiteti yomweyo, kawirikawiri akapitawo okhulupirika kwa bwana.

Umu ndi mmene thangata adakhazikikira. Papepala zidali zophweka: mwezi umodzi wa ntchito kulipirira malo, mwezi wina kulipirira msonkho wa nyumba, umene boma lidaukonza mwakuti wogwira ntchito kwa mzungu azilipira theka. Kumunda zidali zina. Tsiku linkalembedwa patikiti pokhapokha kapitawo akavomereza kuti ndime yatha, ndipo ndime ikakhala yaikulu, masiku awiri ankasanduka limodzi. Miyezi iwiri ija inkatha kutambasuka mpaka kudya dzinja lonse. Amayi amasiye ndi osakwatiwa ankagwira nawo. Malipiro nthawi zina ankakhala fodya m'malo mwa ndalama. Chikoti chidali pafupi. Munthu ankabwerera kumunda kwake udzu utamera kale mpaka m'chiuno, ndipo njala ya chaka chimenecho inkakhala itayamba kale.

Ndimaima nthawi yaitali pa mfundo imeneyi chifukwa apa ndi pamene mbiri ya m'mabuku a sukulu imathamanga. Funso limene limandigwira mtima ndi lakuti: nanga anthuwa ankadya chiyani? Yankho lili m'mbale za ku Zomba ndi Chiradzulu mpaka lero. Chinangwa chimapirira ngakhale mwini munda atachedwa kupalira, ndipo makaka amasungika miyezi. Nandolo amabzalidwa pamodzi ndi chimanga n'kudzakolola mochedwa, chimanga chitatha kale m'munda. Kalongonda amafuna kuphika tsiku lonse ndi kutaya madzi kangapo, koma amabereka pamene zina zakana. Ulimi wosakaniza mbewu m'munda umodzi, umene alangizi ena adakhala akuunyoza kwa zaka zambiri, udapulumutsa mabanja amene abambo awo ankakhala m'thonje la bwana. Amene adasunga mbewu zimenezi, kuzisankha ndi kuzipatsira ana awo, adali amayi. Palibe chikalata cha ku Zomba chimene chidalemba dzina la mmodzi wa iwo chifukwa cha ntchito imeneyi.

Pafupi ndi malire a esiteti, ku Mbombwe, John Chilembwe adakhazikitsa Providence Industrial Mission (PIM) mu 1900 atabwerera kuchokera ku Lynchburg, ku Virginia. Ambiri mwa akhristu ake adali anthu a pa esiteti ya Bruce. Alexander Livingstone Bruce, mdzukulu wa David Livingstone, amene tsopano ankayendetsa chuma cha banjalo, sankafuna sukulu kapena tchalitchi pamalo ake, ndipo matchalitchi audzu amene anthu a Chilembwe ankamanga ankatenthedwa. Nkhondo ya 1914 itayamba, anthu adatengedwa kukamenya ndi kukasenza katundu ku Karonga, ndipo Chilembwe adalemba kalata yodandaula ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. Usiku wa Loweruka, pa 23 Januwale 1915, anthu ake adalowa m'nyumba ya William Jervis Livingstone ku Magomero, namupha ndi kumudula mutu. Adaphanso Duncan MacCormick, ndi Robert Ferguson ku Mwanje. Akazi ndi ana a azunguwo sadawapweteke. Asilikali adatumizidwa, tchalitchi cha njerwa cha ku Mbombwe chidaphwasulidwa ndi mabomba, ndipo Chilembwe adawomberedwa pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje. Anthu makumi angapo adanyongedwa kapena kuwomberedwa, mazana adamangidwa, midzi idatenthedwa.

Zimene zidatsatira ndi zimene zikuyandikira kwambiri kaundula uja wa ku Montaillou. Boma lidakhazikitsa bungwe lofufuza chimene chidayambitsa kuukirako. Onse okhala m'bungwelo adali azungu, ndipo mmodzi wa iwo adali Arthur Glossop wa UMCA, mishoni yomwe ija idayambira pa Magomero. Koma Amalawi adaitanidwa kudzapereka umboni, ndipo adalankhula. Abusa ngati Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha adafotokoza zimene zinkawawa anthu: thangata, msonkho, kumenyedwa, ndi lamulo losalembedwa lakuti munthu wakuda avule chipewa akaona mzungu ngakhale mzunguyo asayankhe moni. Lipoti lidatuluka mu 1916, lalifupi, lidavomereza kuti nkhanza za pa esiteti ya Bruce zidaliko, koma thangata sadathe. Umboni wonsewo udakhala m'mafayilo zaka pafupifupi 100 mpaka John McCracken adausonkhanitsa m'buku la Voices from the Chilembwe Rising mu 2015.

Zomba idasunganso mawu ena m'njira yosayembekezeka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, George Simeon Mwase, ali m'ndende ya Zomba, adakumana ndi Wallace Kampingo, mmodzi wa anthu a Chilembwe amene adali akugwirabe ukaidi. Zimene adamva adazilemba, ndipo zolembazo zidasindikizidwa mu 1967 pansi pa mutu wakuti Strike a Blow and Die. Zambiri zidatayika: moto umene udatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 udapsereza mafayilo ochuluka a zaka zoyambirira. Zimene zidapulumuka, ndi zimene zidalembedwa pambuyo pake, zili ku National Archives, imene idatsegulidwa ku Zomba mu 1947 ndipo idatsalira komweko likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975. Mlimi wa ku Namadzi amene amabwera ndi nandolo wake kumsika wa Zomba amadutsa kufupi ndi nyumba imene muli mapepala onena za agogo ake, koma palibe adamuuzapo kuti alimo.

Chilembwe atafa, moyo wa pa esiteti udapitirira zaka zina pafupifupi 40, ndipo zaka zimenezi sizikumbukiridwa pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira Chilembwe. Thonje lidalowedwa m'malo ndi fodya wochiza ndi utsi. Tsopano anthu ankalima fodyayo m'minda yawo, koma ankayenera kugulitsa kwa esiteti yokha, pa mtengo wonena esiteti. Lamulo la 1928 lokhudza anthu okhala m'maesiteti lidaika lendi ya ndalama, imene munthu akadatha kulipira ndi ntchito kapena mbewu, ndipo lidapatsa eni malo mphamvu yothamangitsa ena mwa anthuwo pakapita zaka zingapo. Mnyamata wobadwira pomwepo akakula ankawerengedwa ngati mlendo. Mwamuna wochokera kunja akafuna kudzakhala chikamwini kwa mkazi wake, monga mwa mwambo, chilolezo chinkachokera ku ofesi ya esiteti. Boma lidatumiza Sidney Abrahams kudzafufuza nkhani ya malo mu 1946, njala yaikulu idagwa mu 1949, ndipo mu 1952 boma lidagula gawo lalikulu la esiteti ya Magomero, imene idali itayamba kale kulephera kupanga phindu. Thangata adathetsedwa mwalamulo mu 1962.

Apa padachitika chinthu chimene ndimachiona ngati chipambano chachikulu cha anthu a m'derali, ngakhale palibe chipilala chake. Pogawa malo ogulidwawo, akuluakulu a boma ankalemba mayina a amuna ngati mitu ya mabanja, monga ankaonera kwawo ku Ulaya. Adabweretsanso malamulo a malimidwe, okakamiza mizere ndi migula, olephera n'kumalipitsidwa kapena kumangidwa. Malamulowo adafa ndi utsamunda. Ndipo minda ija, m'badwo umodzi wokha, idabwerera m'njira yake yakale. Bambo akamwalira, munda unkapita kwa ana aakazi, ana aamuna n'kukalima kwa akazi awo. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Pauline Peters, amene adayamba kufufuza m'midzi ya kummwera kwa Zomba mu 1986 n'kumabwererako kwa zaka zambiri, adapeza kuti m'derali eni nthaka ndi amayi ndi mbumba zawo. Midzi imene idayamba ndi kapitawo wosankhidwa ndi bwana idasanduka midzi ya alongo ndi ana awo. Sadachite msonkhano, sadalembe kalata kwa bwanamkubwa. Ankangogawa minda pamaliro ndi paukwati monga adaphunzirira kwa amayi awo, mpaka zolemba za boma zidatsala zokha.

Masiku ano vuto ndi lina. Nthaka yachepa, ana achuluka, ndipo milandu ya malire a minda pakati pa ana a alongo siitha kumabwalo a mafumu. Fodya wa bale, amene alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima kuyambira cha m'ma 1990, adabweretsa malata ndi njinga m'nyumba zina, koma sadawonjezere nthaka. Achinyamata ali ku Limbe, ku Lilongwe, ku Joni. Amene adagwirako thangata ndi manja awo atsala owerengeka, ndipo ngakhale amene adali ana pa njala ya 1949 lero adapitirira zaka 75.

Sindikunena kuti palibe chimene chikukumbukiridwa. Akhristu a Anglican amapita ku Magomero kukapemphera, ndipo mu 2011, pokondwerera zaka 150 za mpingowo m'dziko muno, Rowan Williams wa ku Canterbury adabwera ku Malawi. Nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama yathu ya K2,000, ndipo PIM, imene Daniel Malikebu adaitsegulanso mu 1926, ikadalipo ku Mbombwe. Mulhako wa Alhomwe umasonkhanitsa anthu kwa Chonde chaka ndi chaka, tchopa n'kuvinidwa, kalongonda n'kudyedwa poyera ndi anthu amene makolo awo ankachita manyazi kutchula mtundu wawo. Zonsezi n'zabwino ndipo ndimaziyamikira. Koma chikumbutso cha mpingo chimatsata bishopu, cha boma chimatsata ngwazi, cha mtundu chimatsata gule ndi chakudya. Mbiri ya mudzi weniweni, wakuti adauyambitsa ndani, adachokera phiri liti ku Mozambique, adawolokera pati, manda oyamba ali kuti, chitsime chakale chidali pati, munda uwu udadutsa m'manja mwa amayi angati, imeneyo ilibe mwini woisunga.

Ku France ngakhale timidzi tating'ono timakhala ndi kaundula wa ubatizo, maukwati ndi maliro wa zaka mazana, mapu akale a minda, ndi timagulu ta anthu wamba okonda mbiri ya kwawo amene amasindikiza timabuku tawo. Sikuti alimi akumeneko adali anzeru kuposa athu. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko mapepala adatsala pafupi ndi eni ake ndipo ali m'chinenero chimene zidzukulu zimawerenga. Kwathu kuno buku labwino kwambiri lonena za Magomero lili m'Chingerezi, lidasindikizidwa kutsidya kwa nyanja, ndipo mtengo wake si wa mlimi. Anthu amene adakhala pansi ndi White n'kumuuza za makolo awo adapereka mbiri yawo mwaulere, ndipo n'koyenera kuti ibwerere kwa zidzukulu zawo m'Chichewa ndi m'Chilhomwe.

Zomba ili ndi zonse zofunika pa ntchito imeneyi, ndipo zili moyandikana. National Archives ili pomwepo. Yunivesite ya Malawi, imene idasamukira ku Chirunga mu 1973 ikutchedwa Chancellor College, ili ndi dipatimenti ya mbiri yakale imene ophunzira ake akhala akupita m'midzi kukafunsa akuluakulu kuyambira kale, ndipo zolemba zawo zambiri zimathera m'mashelefu. Likulu la dayosizi ya Anglican ya Upper Shire lili ku Malosa, ndipo maparishi a Katolika ndi a CCAP ali ndi mabuku a ubatizo okhala ndi mayina a midzi ndi makolo. Chosowa ndi kulumikiza zinthuzi ndi anthu a ku Namadzi, ku Nasawa, ku Thondwe ndi kwa Jali: kumasulira umboni wa 1915 kuti uwerengedwe pa wailesi za m'madera, kujambula mapu a esiteti ndi kuwapachika m'sukulu zimene zidamangidwa pamalo omwewo, kutumiza ophunzira kuti akabweze m'midzi zimene anzawo adatengako.

Koma gawo lalikulu silidikira boma kapena yunivesite. Inu amene mukuwerenga, ngati kwanu ndi m'chigwa chimenechi ndipo agogo anu akadali moyo, foni imene ili m'thumba mwanuyo imajambula mawu. Pitani mukakhale nawo pakhonde, makamaka agogo aakazi, chifukwa mzere wa nthaka umadzera mwa iwo. Afunseni dzina la mayi amene adayamba kulima munda umene mukudyawo, kumene adachokera, kapitawo wa m'dera lawo adali yani, ndi chimene adadya m'chaka cha 1949. Lembani mayinawo m'kope, muikemo tsiku ndi dzina la mudzi, ndipo kope lina mukasiye kwa amfumu kapena kusukulu yapafupi. Chitani zimenezi chilimwe chino, mvula isadagwe ndi kuwatengera onse kumunda.